Achinyamata omwe mutu wayamba kusokonekera akufuna wokhala nawo pansi

Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za ana athu omwe mutu wayamba kuwasokonekera koma sanafike povula zovala pamsewu. Ife timadikira mpaka apo ndi pomwe timati "wapenga", chonsecho matendawa amayamba mwakachetechete, kawirikawiri munthu asanakwanitse zaka 30.

Mwana wa mchimwene wanga, yemwe ndimakhala naye ku Chibavi, anayamba ndi kusowa tulo. Kenako ankati anzake akumunena pa WhatsApp, anthu pa depoti akumuyang'ana ndi diso loipa. Mtima wake sunkatha kukhazikika pawokha. Mantha akamugwira pakati pa usiku, ankagogoda kuchipinda kwanga: "Azakhali, mwamva zomwe akunena panjapo?" Ndikamukalipira kuti asiye zachibwana, ankadzitsekera masiku awiri osadya. Tsiku lina ndinanamizira kuti nanenso ndamva, mantha ake anachita kuwirikiza. Chomwe chinkathandiza n'kumuwiritsira tiyi, kukhala naye pansi n'kumuuza zoona: "Ine sindikumva kanthu, koma ndikuona kuti wachita mantha. Ndili pompano." Kupuma kwake kunkabwerera m'malo pang'onopang'ono.

Chondiwawa n'chakuti matendawa amachititsa munthu kukayikira anthu omwewo amene akanamutonthoza. Ndiye amakakamira munthu mmodzi, ndipo mmodziyo amatopa. Ine ndinatopa ndithu. Anzake abwino anathawa, kunatsala a chamba, chomwe chimakolezera matendawa. Madotolo amadziwanso kuti pakhomo pomwe wodwala amangodzudzulidwa, matenda sachedwa kubwerera.

Tinataya miyezi tikukangana ngati walodzedwa. Sindinyoza mapemphero, ndimapemphera tsiku lililonse, koma mwanayu anayamba kugona atalandira mankhwala ndi uphungu. Kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi wa chipatala cha matenda a m'maganizo cha St John of God, sitichita kupita ku Zomba Mental Hospital, ndiye tikuchedweranji?

Ndikupempha nyuzipepala yanu ilembe za zizindikiro zoyambirira m'chinenero chomwe agogo angamve. Magulu a achinyamata m'mipingo aphunzitsidwe kumvetsera osaseka komanso osatsutsa. Ndimaganiziranso ophunzira a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) omwe makolo awo ali ku Nsanje kapena ku Chitipa: mantha akawagwira usiku, agogoda pachitseko cha ndani?

Zakhali wokhudzidwa,
Chibavi, Mzuzu