Makompyuta akale asatayidwe msanga

Akonzi,

Ndimaphunzitsa kompyuta pa sekondale ina yoyendera kuno ku Ntcheu. Tidalandira makompyuta akale 12, ena opanda hard disk (chosungira mapulogalamu ndi mafayilo), anzanga n'kumati tingowaunjika m'sitolo.

Sindidavomere. Tidagula kompyuta imodzi yamphamvu n'kuiyesa seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena), ndidaikamo Ubuntu (pulogalamu yoyendetsa kompyuta) ndi LTSP (yothandiza makompyuta ena kuyaka kuchokera kuseva), enawo n'kuwalumikiza ndi nthambo kudzera pa switch (kabokosi kolumikizira makompyuta ambiri). Kompyuta ya mwana ikayaka imapempha adiresi pa netiweki, kenako imakoka zonse kuseva. Pulogalamu ndimaika kamodzi, ana onse aipeza.

Tsiku loyamba ndidatuluka thukuta. Makompyuta asanu adangoti zii, mawu a PXE (njira yoyatsira kompyuta kudzera pa netiweki) ali pagalasi. Ndidasintha nthambo mpaka dzuwa kupendeka, osadziwa kuti router ya intaneti nayo imagawa maadiresi, kulimbana ndi seva. Nditazimitsa DHCP (ntchito yogawa maadiresiyo) pa router, onse adadzuka.

Aphunzitsi anzanga, chenjerani: seva ikagwa, kalasi yonse yagwa. Magetsi atathima mwadzidzidzi tidataya ntchito ya ana a Fomu 4, ndiye UPS (batire yothandiza magetsi akathima) yoyamba ipite kuseva, osati ku ofesi ya ahedi (andikhululukire bwana wanga). Mafayilo ndimakopera pa disk ina Lachisanu lililonse. Mwana aliyense ali ndi dzina lake ndi password yake, ndipo ya root (akaunti yolamulira zonse) sindiuza munthu, chichitireni mnyamata wina adaiwerenga pakapepala kamene ndidamata pansi pa kiyibodi.

Amene mumapatsa sukulu makompyuta, muziwonjezako switch ndi nthambo.

Mphunzitsi,
Ntcheu