Tingawafike bwanji atsibweni kuti wodwala maganizo asasiyitsidwe mankhwala?

Mayi Mlangizi,

Ife amene tikulemba kalatayi ndife anamwino a m'makiliniki a kumidzi, cha ku Chadiza ndi Vubwi. Za mankhwala tikuzidziwa ndithu, koma chimene chatikanika ndi kulankhula ndi mabanja.

Munthu amene wakhala akumva mawu a anthu osaoneka, osagona, kapena kukana nsima poganiza kuti amuthirira poizoni, amagonekedwa ku Chipata Central Hospital, mwinanso kutumizidwa kuchipatala cha odwala maganizo cha Chainama ku Lusaka. Amabwerako ali bwino, atapatsidwa mapiritsi monga haloperidol kapena chlorpromazine, kapena jakisoni wa Modecate wobaya kamodzi pa milungu iwiri mpaka inayi. Mankhwalawa sayenera kusiyidwa isanakwane miyezi 12 chithere zizindikiro, ndipo wochepetsa ndi dokotala, pang'onopang'ono. Koma munthu akangoyamba kugwira khasu, banja limati wachira, mapiritsi n'kuwaponya kudzala.

Ena amasiyitsa chifukwa cha mantha, ndipo sitiwaimba mlandu. Mankhwalawa nthawi zina amaumitsa khosi ndi nsagwada, manja amanjenjemera, dovu limachucha, maso amatembenukira m'mwamba. Mayi akaona mwana wake ali chomwecho amati amulodzanso. Chikhalirecho zimenezi zimatheka kuzithetsa kukiliniki, pochepetsa mlingo kapena kuwonjezera piritsi lotchedwa Artane. Wakumwa chlorpromazine amamva chizungulire akadzuka mofulumira, choncho ayambe wakhala kaye pamphasa asanaimirire, ndipo kumunda avale chisoti ndi malaya a manja aatali chifukwa khungu lake silichedwa kupsa ndi dzuwa. Choopsa chenicheni n'chakuti thupi litenthe kwambiri, liume lonse, munthu n'kusokonezeka. Zikatero musamupatsenso piritsi, mufikitseni kuchipatala tsiku lomwelo. Kumeneko amuyezenso malungo, poti nawonso amasokoneza mutu.

Matenda akayambiranso, ambiri amathamangira chingwe cha ng'ombe kapena tcheni. Chingwe chimadula khungu, magazi sayenda bwino, dzanja limatupa mwinanso kufooka mpaka kalekale, ndipo womangidwayo sadzakhulupiriranso aliyense pakhomopo. Lamulo la ku Zambia la Mental Health Act la 2019, limene linalowa m'malo mwa lakale lija, limati odwalawa ali ndi ufulu ndi ulemu ngati wina aliyense. Ife timaphunzitsa kuti alankhule munthu mmodzi yekha amene wodwalayo amamumvera, motsitsa mawu, ena onse atalikire, osamuzungulira kapena kutsutsana naye pa zimene akumva. Nkhwangwa, mipeni, zingwe ndi mankhwala opopera thonje zibisidwe. Mapiritsi asunge munthu mmodzi, ndipo aone kuti amezedwadi. Tsiku la jakisoni likhale lolembedwa pakhadi, ndipo m'dzinja, mitsinje isanadzaze, banja likambirane ndi namwino za tsiku lobwera. Kachasu ndi chamba ayi. Akangotha masiku awiri kapena atatu osagona, kapena kuleka kusamba, abwere naye asanafike poipa.

Zonsezi timauza amene wabwera ndi wodwala, kawirikawiri mayi ake kapena mlongo wake. Amamva, amavomera. Koma wogamula kumudzi ndi atsibweni, eni mbumba, amene kukiliniki saponda. Iwo akati mwanayu apite kwa sing'anga, kapena abusa akati asale kudya ndi kutaya mapiritsi posonyeza chikhulupiriro, mayi uja alibe pakamwa. Sitifuna kuletsa mapemphero, ndipo taona kuti tikanyoza sing'anga banja lonse limangosowa. Chimene tikufuna n'chakuti mankhwala asaime, ngakhale apite kwinako.

Tinaganizapo zodzera kwa anyakwawa, koma pamenepo chinsinsi cha wodwala chimatuluka, mudzi wonse n'kuyamba kumutcha wofuntha. Kwa mtsikana, mbiri yotere imathamangitsa ndi omufunsira omwe, n'chifukwa chake mabanja ena amabisa matendawa mpaka atakula.

Tithandizeni, Mayi. Kodi namwino, amene mwina ndi wamng'ono ngati mdzukulu wawo, angawaitane bwanji atsibweni popanda kuoneka wachipongwe, ndiponso popanda kuulula za wodwala kwa anthu apadera? Nanga kwa abusa tiyambe ndi mawu otani kuti iwo eni azikumbutsa nkhosa zawo tsiku la jakisoni?

Anamwino a kumidzi,
Chadiza ndi Vubwi