Wenzulo pa mpira wa ana tikumupatsa ndani?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za anthu amene amayimbira mpira wa ana. Ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Dedza ndipo ndimayang'anira zamasewero pasukulu yathu. Nyuzipepala yanu imalemba kawirikawiri za oyimbira a mu ligi yaikulu ya dziko lino, kuti uyu wayimitsidwa, uyo timu yakuti yamudandaula. Koma za amene amagwira wenzulo pamabwalo afumbi, pomwe ana a Sitandade 6 ndi 7 amaphunzirira mpira, sindinaonepo wolemba.

Kodi woyimbira wa pa mpikisano wa mu zoni amakhala ndani? Nthawi zambiri ndi mphunzitsi amene wasankhidwa mmawa womwewo chifukwa ndi wachinyamata ndipo wavala nsapato zothamangira. Apo ayi ndi mnyamata wa m'mudzi amene analemba Fomu 4 ndipo amadziwika kuti amakonda mpira. Wenzulo ndi yemwe uja timayitanira ana pa asembule. Makadi timadula pa chikuto cha kope. Mizere ya bwalo timathira phulusa, ndipo mphepo ikawomba theka lachiwiri lisanayambe, bokosi la goloboyi limakhala m'mutu mwa munthu aliyense payekha. Magolo alibe ukonde, pamwamba pali nsungwi yopindika. Onyamula mbendera ndi ana awiri okhala ndi nthambi za mtengo, wina wa timu iyi, wina wa timu inayo, aliyense akukokera kwawo. Munthu mmodzi woyima pakati pa bwalo sangaone ofusayidi bwinobwino, ngakhale atakhala wa FIFA. Komabe ndi yemweyo timamuyembekezera kuti asaphonye kanthu.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'choti kangapo woyimbira amatukwanidwa pamene walondola. Malamulo a mpira alipo 17, ndipo bungwe la IFAB limawasintha pafupipafupi. Kuyambira 2016, poyambitsa masewero pakati pa bwalo mpira ukhoza kumenyedwera mbali iliyonse, ngakhale kumbuyo. Kuyambira 2019, pa golokiki wosewera mnzake wa goloboyi akhoza kulandira mpira ali m'bokosi momwemo. Mu 2025 kunabwera lina loti goloboyi akagwira mpira kupitirira masekondi 8, timu inayo ipatsidwe kona. Ndipo lakalekale lija, loti pa mpira woponya ndi manja kuchokera kunja kulibe ofusayidi, anthu ambiri mpaka lero salidziwa. Kusintha konseku kumathera ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Kuno kumudzi aliyense akuyendera malamulo a chaka chimene iye anasiyira kusewera.

Mnzanga wina wachinyamata, amene amawerenga malamulo atsopano pafoni yake, analola golokiki yotere pa masewero a sukulu ziwiri zoyandikana. Mwana analandira mpira m'bokosi, anapatsirana mpaka kutsogolo, chigoli chinalowa. Anthu anakhamukira m'bwalo akukuwa kuti lifali wadya ndalama. Amene anatsogolera sanali ana ayi. Anali abambo a ndevu zawo, mmodzi wa iwo wa mu komiti ya sukulu. Mnzangayo anathawira m'nyumba ya ahedi, ndipo kuchokera tsiku limenelo akamupatsa wenzulo amati mwendo ukumupweteka. Tinataya munthu yekhayo mu zoni yathu amene ankadziwa lamulolo.

Ana amaona zonsezi. Mwana wa zaka 12 akaona mphunzitsi wake, amene Lolemba amamuphunzitsa za ulemu, akuloza woyimbira chala kumaso Lachisanu, waphunzira kale kuti timu yake sigonja, imangoberedwa. Sapitanso kukafunsa kuti kumbuyo kunatseguka bwanji. Akadzakula n'kukhala sapota pa Bingu National Stadium kapena pa Kamuzu Stadium, tidzadabwa kuti miyala akuyitola kuti.

Sindikunena kuti oyimbira onse ndi oyera mtima. Alipo okondera, ndipo tonse timawadziwa. Mphunzitsi akamayimbira masewero a sukulu yake yomwe, pabwalo la kwawo, ahedi ake atakhala pampando kutsogolo, theka lachiwiri limatalika mpaka eni bwalo abweze chigoli. Koma vuto pamenepo ndi la ife okonza masewero. Sukulu yachitatu ili pamtunda wa makilomita ochepa, njinga ilipo, tikulephera chiyani kuyitana woyimbira wa kumeneko? Pa mabonanza amene aphungu ndi ofuna mipando amakhazikitsa nthawi ya kampeni zinthu zimanyanya, chifukwa pamakhala ndalama zooneka ndipo akuluakulu amabetcherana kunja kwa bwalo. Mphoto za matimu zimalengezedwa pa chimkuzamawu, koma woyimbira amene wathamanga padzuwa tsiku lonse amapatsidwa botolo la zakumwa ndi zikomo. Ndiye wina akamunong'oneza kanthu kuseri, tidzati chalakwika n'chiyani?

Palinso katundu wina amene timamusenzetsa wosakhala wake, nkhani yobera zaka. Timu imabwera ndi "mwana" woti mawu anasintha kale, ndipo anthu amafuna woyimbira ndiye agamule poyang'ana chibwano. Imeneyo ndi ntchito ya kaundula wa sukulu ndi ahedi, masewero asanayambe.

Dziko lino lili ndi umboni woti tikhoza kutulutsa oyimbira apamwamba. Mayi Bernadettar Kwimbira anali woyimbira wonyamula mbendera pa World Cup ya amayi ku Canada mu 2015 komanso ku France mu 2019. Atsikana a m'kalasi mwanga amawadziwa Tabitha ndi Temwa Chawinga, koma za mayi ameneyu sanamvepo, ndipo palibe mwana amene anandiuzapo kuti akufuna kudzakhala woyimbira. Angafune bwanji ntchito imene amaiona ikuthera pothawa?

Pempho langa likupita kwa a FAM ndi a MASSA, bungwe loyang'anira masewero a m'sukulu. Zoni iliyonse ili ndi TDC, komwe aphunzitsi timakumana kale pa maphunziro ena. Tumizani woyimbira mmodzi wovomerezeka adzakhale nafe masiku awiri pa holide, aphunzitse aphunzitsi awiri pa sukulu iliyonse, mwamuna ndi mkazi, pamodzi ndi ana a sekondale amene ali ndi chidwi. Malamulo asindikizidwe m'Chichewa pa mapepala ochepa oti tikhome pa bolodi, makolo nawonso awerenge. Ndipo pakhale lamulo loti sukulu imene anthu ake alowa m'bwalo kukaopseza woyimbira ilandidwe mapointi, chifukwa mudzi umamva msanga chilango chikagwera timu yawo. Malo ogona alendowo tidzawapezera, ndipo nsima tidzaphika tokha.

Mphunzitsi wa zamasewero,
Dedza