Buku lotsekula limanamiza wophunzira

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi ophunzira, makolo komanso aphunzitsi anzathu kudzera pa tsamba lanu lino. Nkhani yathu ndi ya mwana amene amakhala pa buku maola anayi tsiku lililonse, kope lake lili ndi mizere yofiira tsamba lililonse, koma zotsatira zikatuluka n'kupezeka kuti walakwa mayeso. Makolo amati mwina ndi wouma mutu, mphunzitsi amati amangonamizira kuwerenga. Kawirikawiri onsewa amakhala akumulakwira mwanayo. Iye amawerengadi, kungoti nthawi yonseyo buku limakhala lotsekula.

Munthu ukabwereza tsamba kachitatu, maso sapunthwanso, mawu amayenda myaa, mtima n'kumati izi ndazidziwa. Kumeneko n'kuzindikira chabe, ngati mmene umazindikirira nkhope ya munthu amene dzina lake lakuthawa. M'chipinda cha mayeso amakupatsa pepala loyera kuti utulutse zimene zili m'mutu, ndipo ophunzira ambiri ntchito yotulutsayi amakakumana nayo koyamba tsiku lomwelo, atatha chaka chonse akungolowetsa.

M'chaka cha 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a pa Washington University, mumzinda wa St. Louis ku America, anapatsa ophunzira nkhani yaifupi kuti aiphunzire. Gulu lina linapatsidwa mpata wowerenga nkhaniyo maulendo anayi. Lina linawerenga ulendo umodzi, maulendo atatu otsalawo n'kumalemba zonse zimene likukumbukira, osaionanso nkhaniyo. Atayesedwa patangotha mphindi 5, obwerezabwereza aja anatsogola: anakumbukira mfundo 83 pa 100 zilizonse pamene anzawo anakumbukira 71. Patatha sabata zinthu zinatembenuka. Obwereza anatsala ndi 40, odziyesa anali ndi 61. Chomvetsa chisoni n'chakuti atafunsidwa pasadakhale, obwereza aja ndiwo ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbukira. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2013 John Dunlosky wa pa Kent State University ndi anzake anayi anaunikanso njira 10 zimene ophunzira amagwiritsa ntchito, ndipo ziwiri zokha ndizo zinapezeka zothandiza kwambiri: kudziyesa, ndi kumwaza kuwerenga pa masiku angapo. Kubwereza tsamba ndi kulemba mizere kunsi kwa mawu zinali m'gulu la njira zothandiza pang'ono.

Kudziyesako kumachitika motere. Wophunzira atenge gawo laling'ono, masamba awiri kapena anayi, aliwerenge kamodzi modekha mpaka amve chimene likunena. Atseke buku ndi kope. Pa pepala lina alembe kwa mphindi 5 zonse zimene akukumbukira, m'mawu akeake, ngakhale zisakhale m'ndondomeko. Akatero atsekule buku n'kuyerekeza, atagwira cholembera cha mtundu wina. Apeza zinthu zitatu: zimene wasiya, zimene walakwitsa, ndi zimene wasokoneza ndi mfundo ina yofanana nazo. Awerengenso zokhazo, osati gawo lonse, kenaka atsekenso n'kuyesa kachiwiri. Zonsezi zimatenga mphindi 25 kapena 30.

Pali malo anayi amene njirayi imaonongekera. Poyamba ndi kusuzumira msanga: mfundo ikangovuta, dzanja limathamangira ku buku. Koma kuvutikako ndiko kumalimbitsa chikumbukiro, choncho ndi bwino kulimbana nayo kwa mphindi imodzi musanaone yankho. Pena wophunzira amayankhira mumtima n'kudziuza kuti akanalemba bwinobwino. Yankho lisanafike pa pepala kapena pakamwa, palibe umboni woti lilipo. Pena saonanso m'buku kuti atsimikize, ndiye cholakwika chija chimamera mizu chifukwa chabwerezedwa. Ndipo pomaliza, palibe phindu kudziyesa pa chinthu chimene sunachimvetse n'komwe. Chimenecho chimafunika mphunzitsi, mnzako kapena buku lina lofotokoza mwanjira ina.

Kope la notsi nalo lingathe kukonzedwa kuti lizifunsa mafunso lokha. Walter Pauk wa pa Cornell University anayambitsa kalembedwe kotere m'zaka za m'ma 1950. Mumajambula mzere wotsika, kusiya mpata wa masentimita 6 kumanzere. Notsi za m'kalasi zimapita kumanja. Tsiku lomwelo, zinthu zisanazizire, mumalemba kumanzere mafunso amene notsizo zikuyankha. Pobwereza mumaphimba mbali ya kumanja ndi pepala n'kumayankha. Funso likhale lofuna kufotokoza, monga lakuti n'chifukwa chiyani mtima uli ndi mavavu, osati longofuna inde kapena ayi. Apa tinenepo za chizolowezi chokopera notsi m'kope latsopano ndi zilembo zokongola: chimadya maola ambiri pamene dzanja likugwira ntchito, mutu uli pa tchuthi.

Tsopano nkhani ya masiku. Kuiwala kunayezedwa kalekale ndi Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, amene anafalitsa zotsatira zake mu 1885. Iye ankaloweza timawu topanda tanthauzo n'kumaona nthawi imene ikufunika kuti atilowezenso, ndipo anapeza kuti zambiri zimatayika m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenaka kuiwalako kumayenda pang'onopang'ono. Zinthu zatanthauzo sizithawa msanga ngati timawu take tija, koma kayendedwe kake n'kofanana. Mu 2008 Nicholas Cepeda ndi anzake anayesa anthu oposa 1,300 kuti aone mpata woyenera pakati pa kuphunzira koyamba ndi kubwereza. Mayeso akakhala patatha masiku 7, mpata wabwino unali tsiku limodzi. Akakhala patatha masiku 35, unali masiku 11. Patatha masiku 70, unali masiku 21. Ndiye kuti mayeso akakhala patali, mpata nawo uzitalika. Anapezanso kuti kuchedwerako pang'ono sikuononga kwambiri ngati kubwereza mofulumira kwambiri.

Wophunzira safunika kuwerengetsera zonsezi. Akamaliza mutu, alembe pamwamba pa tsamba madeti anayi: mawa, patatha masiku 3, patatha sabata, patatha masabata atatu. Pa deti lililonse adziyese kwa mphindi 10, buku lili chitsekere. Ngati ali ndi maola 6 a phunziro limodzi, apindula kwambiri powagawa ola limodzi pa tsiku kwa masiku 6 kusiyana ndi kuwathera tsiku limodzi. Kuloweza usiku wa mayeso kumatha kumupulumutsa mawa lake, tisanamepo, koma pofika teremu yotsatira zambiri zimakhala zitauluka, ndipo mayeso akuluakulu amafunsa za zaka zingapo.

Pa mawu a chiyankhulo china, madeti, matanthauzo ndi mafomula, timakadi timathandiza. Mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafalitsa njira yake ya mabokosi mu 1972. Funso kutsogolo kwa kadi, yankho kuseri, mfundo imodzi pa kadi imodzi. Maenvelopu atatu akwanira: yoyamba muziitsekula tsiku lililonse, yachiwiri pakatha masiku atatu, yachitatu kamodzi pa sabata. Kadi imene mwakhoza imakwera envelopu yotsatira, imene mwalakwa imabwerera koyambirira ngakhale inali itafika pamwamba. Makadi atsopano asapitirire 10 kapena 15 pa tsiku, chifukwa iliyonse imabweranso kangapo ndipo mulu ukakula wophunzira amangotaya zonse. Makadi saphunzitsa kulemba chimangirizo kapena kusanthula ndakatulo. Zimenezo zimaphunziridwa polemba n'kupatsa wina kuti achonge.

Masamu ali ndi msampha wakewake. Buku limapereka chitsanzo, kenaka mafunso 20 a mtundu womwewo. Pofika funso lachisanu wophunzira saganizanso, amangosintha manambala. Pa mayeso mafunso amabwera osakanikirana, ndipo palibe mutu pamwamba womuuza njira yoti agwiritse ntchito. Doug Rohrer ndi Kelli Taylor a pa University of South Florida anayesa zimenezi mu 2007 pophunzitsa ophunzira kupeza voliyumu, kapena kuti kukula kwa malo amene chinthu chimatenga, ya zinthu za maonekedwe anayi osiyana. Amene ankachita mtundu umodzi pa nthawi ankakhoza 89 pa 100 poyeserera, osakaniza ankakhoza 60. Pa mayeso a patatha sabata oyamba aja anagwa mpaka 20, osakaniza anapeza 63. Choncho wophunzira ayambe n'kutsatira chitsanzo chimodzi kapena ziwiri mzere ndi mzere, aphimbe n'kuchita yekha, achite mafunso atatu kapena anayi a mtundu womwewo, kenaka asakanize ndi a mitu ya masabata apitawo. Asadandaule akaona kuti akulakwa zambiri kuposa kale. Asunge kope laling'ono la zolakwa, momwe azilembamo funso, pamene anaphonya, ndi chifukwa chake: sanamvetse funso, anasankha njira yolakwika, kapena anangosokoneza chizindikiro. Mankhwala a zitatuzi ndi osiyana.

Za kugawa nthawi sitichulutsa gaga. Njira ya Francesco Cirillo wa ku Italy, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi yodziwika: mphindi 25 za ntchito, 5 zopuma, ndipo ukatero kanayi upume mphindi 15 mpaka 30. Nambala 25 si lamulo. Funso lalitali la masamu lingafune 45. Chofunika n'chakuti ntchito ikhale ndi dzina isanayambe. "Ndiwerenga Biology" ilibe poyambira kapena pothera, pamene "ndijambula mtima osaona m'buku n'kutchula zipinda zake zinayi" imadziwika ngati yatheka. Foni ikhale m'chipinda china, chifukwa uthenga uliwonse ukauyang'ana, mutu umafunika nthawi kuti upezenso pamene unalekezera; mapanga awiri avumbwitsa. Ndandanda ya sabata isiye madzulo amodzi opanda kanthu olipirira zimene zatsalira, apo ayi ikangosokonekera Lachiwiri imatayidwa yonse. Tulo nato tisadulidwe: mu 2016 bungwe la American Academy of Sleep Medicine linalangiza kuti achinyamata a zaka 13 mpaka 18 azigona maola 8 mpaka 10, ndipo ubongo umakhazikitsa zimene waphunzira masana pamene munthu ali m'tulo. Wochezera pa buku amadula nthawi yomwe zimene wawerengazo zikanakhazikika.

Amene akuphunzira okha, opanda mphunzitsi wowatsogolera, vuto lawo lalikulu ndi kusowa wowauza kuti apa sunafike. Ayambire pa silabasi. Alembe mitu yonse pa pepala limodzi, ndipo mutu uliwonse auike chizindikiro atadziyesa, osati mongoganizira: ndikutha, ndikukayika, sindikudziwa. Mtima umakokera ku mitu imene ukuitha kale chifukwa imakoma, ndiye nthawi yoyamba ya tsiku, mutu usanatope, ipite ku yovuta. Asankhe buku limodzi lalikulu, ena akhale ongofunsirako. Kusonkhanitsa mabuku ndi mavidiyo ambirimbiri pa intaneti kumaoneka ngati khama koma kumangochedwetsa kuyamba. Vidiyo imanamiza kuposa buku, chifukwa wofotokozayo amachita zonse mosavuta ndipo woonerayo amaganiza kuti naye angathe. Muziimitsa pakatha mphindi 5 kapena 10 n'kuchita nokha sitepe yotsatira musanaione. Kamodzi pa sabata lembani gawo la pepala la mayeso akale, wotchi ili patsogolo, buku lili kutali, ndipo mudzichonge mwankhanza. Musadikire kumaliza silabasi kuti muyambe mapepala amenewa.

Kwa aphunzitsi anzathu, pempho lathu ndi la mphindi 5 zoyambirira za phunziro. Mafunso asanu pa bolodi, makope ali otseka: awiri a dzulo, awiri a sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Aliyense alembe, osati kungoloza amene akweza mkono, ndipo mayankho aperekedwe pompo. Malikisi ake asalowe mu lipoti ndipo wolakwa asalangidwe, chifukwa zikangokhala zoopsa ana amayamba kuonera anzawo ndipo cholinga chonse chimafa.

Kwa makolo, funso lakuti "wawerenga maola angati?" limangolimbikitsa kukhala pa mpando. M'malo mwake tengani kopelo m'manja mwanu n'kunena kuti, "Mwanangu, tandifotokozera zimene waphunzira lero." Simufunika kulidziwa phunzirolo. Mukaona kuti akudodoma, kapena akungolakatula mawu a m'buku osatha kuwanena mwanjira ina, mufunseni kuti "chifukwa chiyani?" kapena "tandipatsa chitsanzo." Pamene wakakamira mpomwe ayenera kuika chizindikiro, n'kudzayambira pomwepo mawa.

Ndife,
Aphunzitsi a ku sekondale okhudzidwa ndi kawerengedwe ka ana