Mapepala akale a ku Buxton asathere m'bini

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga amene tikugwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Britain, poti ndikudziwa kuti ambiri timawerenga tsamba lanu tikaweruka kapena pakati pa shifiti ya usiku. Nkhani yanga ndi ya mapepala akale, ndipo yachokera pa katoni imodzi imene ikundisowetsa mtendere mpaka lero.

Ndimakhala ku Buxton, tauni yaing'ono ya m'mapiri a ku Derbyshire, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pa sitima kuchokera ku Manchester. Tauniyi inakula chifukwa cha madzi. Pakati pake pali kasupe wotchedwa St Ann's Well, ndipo madzi ake amatuluka ofunda, madigiri pafupifupi 27, chaka chonse, ngakhale chipale chofewa chitakuta misewu kuti mbuu. Anthu amaimabe pamzere ndi zigubu kutunga ulere. Tsiku loyamba kuika dzanja pampopi umenewu ndinakumbuka ku Mawira kwathu ku Nkhotakota.

Kwa zaka ziwiri ndinkapita m'mawa ndi madzulo kunyumba kwa agogo ena aakazi a m'tauni muno. Pansi pa bedi lawo panali katoni ya nsapato yomanga ndi kansalu. Tsiku limene miyendo yawalola kukhala pampando, ankandiuza kuti, "Mwanawe, tatulutsa katoni ija." Munali mapositikhadi osachepera makumi atatu, matikiti olowera m'mabafa a madzi ofunda, kabuku kotsogolera alendo kokhala ndi mitengo ya kusamba kulikonse, kakapu kadothi kokhala ndi chizindikiro cha tauniyi, ndi kabokosi ka mwala wakuda wa ku Ashford, wakuda bii, kokongoletsedwa ndi timaluwa ta timiyala toyera. Agogo awo aamuna ankakoka timipando tamateyala tonyamulira odwala kuchokera kuhotela kupita kumabafa. Mayi awo ankachapa nsalu kuchipatala. Zonsezi ankandifotokozera chala chili pachithunzi.

Khadi imodzi ndikuionabe m'maso. Kutsogolo kunali chithunzi cha denga lozungulira la chipatala, kumbuyo sitampa yobiriwira ya theka la kobiri yokhala ndi mutu wa Mfumu Edward VII. Wolemba anagwiritsa ntchito pensulo, zilembo zopindika ngati za munthu amene zala zikumupweteka. Ankauza mkazi wake kuti bondo layamba kupindika, ndipo asagulitse nkhuku. Agogo aja ndi amene anandiphunzitsa kuona mzere umene umagawa kumbuyo kwa khadi pakati. Positi ya kuno inaloleza mzere umenewu mu 1902. Chaka chimenecho chisanafike, kumbuyo konse kunali kwa keyala yokha, ndipo uthenga unkapanikizidwa m'mphepete mwa chithunzi. Choncho kamzere kokha kangakuuzeni kuti khadi ndi ya nthawi iti.

Agogowo atamwalira, ana awo, amene amakhala kutali, analemba kampani ina yochotsa katundu m'nyumba. Ndinadutsa pakhomopo patatha sabata ndikupita kwa wodwala wina. Chibini chachikulu chinali panja, mvula ikugwa, ndipo katoni ija inali pamwamba pa matiresi, itaphwasuka, makhadi atamatana ngati masamba onyowa. Ndinaima pamsewu misozi ili mbwembwembwe. Anyamata a kampaniyo anangochita zimene anatumidwa. Koma nanenso ndili ndi mlandu, chifukwa ndine ndekha amene ndinkadziwa za m'katonimo, ndipo pamaliro ndinangokhala chete poopa kuti anena kuti wantchito akulowerera za m'banja.

Wina anena kuti mbiri ya Buxton inalembedwa kale, nanga katoni imodzi ingasinthe chiyani? Zoona, mbiri ya akuluakulu ndi yotetezeka. Aliyense wobwera kuno amauzidwa kuti Aroma ankatcha malowa Aquae Arnemetiae, kuti Mary, mfumukazi ya ku Scotland, ankabwera kudzasamba kuyambira mu 1573 ali mkaidi, ndi kuti Duke wachisanu wa Devonshire anamanga nyumba yokhota ija ya Crescent m'zaka za m'ma 1780. Nyumbayo anaikonzanso n'kuitsegula ngati hotela mu 2020. Miyala ya anthu olemera sisowa woisamala.

Koma amene anadzaza tauni ino anali anthu a nyamakazi, ambiri a iwo osauka. Mu 1779 kunakhazikitsidwa thumba lotchedwa Buxton Bath Charity, ndipo alendo ogona m'mahotela ankapemphedwa sheleni imodzi kuti osauka nawonso asambe. Mu 1859 gawo la khola lalikulu la mahatchi a Duke linasandutsidwa chipatala cha Devonshire, ndipo pofika 1881 anali atavindikira bwalo lake ndi denga lozungulira lotambalala mamita oposa 40, mothandizidwa ndi thumba losamalira anthu a m'madera a mafakitale a thonje. Njanji itafika mu 1863, odwala ankatsika sitima ali tsimphinatsimphina kuchokera ku Manchester ndi matauni ozungulira. Chipatalacho chinatsekedwa mu 2000, ndipo kenako nyumbayo inapita m'manja mwa yunivesite ya Derby.

Nyuzipepala za m'tauni muno, Buxton Herald ndi Buxton Advertiser, zinkasindikiza mndandanda wa alendo sabata ndi sabata, dzina ndi nyumba imene mlendo wafikira. Ndi chuma chachikulu kwa ofufuza. Komabe mndandandawo unkalemba wogona pabedi, osati woyala bedilo. Mtsikana wochapa, bambo wokoka mpando pachitunda mvula ili pamsana, mayi wopukuta odwala akatuluka m'madzi, mawu awo anatsalira pa tikiti, pa risiti, kumbuyo kwa khadi. Ife amene timasambitsa ndi kupukuta anthu lero tiyenera kumva chinthu mumtima tikaganiza zimenezi, chifukwa ntchito yawo ija ndi yomwe tagwirayi.

Pali chitsanzo china chimene chimandikhudza kwambiri. Kalekale odwala amene ankati achira pakasupeyu ankasiya ndodo zawo zoyendera ndi malaya pakachisi wa St Ann ngati umboni. Mu 1538, m'nthawi ya Mfumu Henry VIII, Sir William Bassett anatumidwa kudzachotsa zonsezo, natseka mabafa ndi zitsime. Palibe ndodo ndi imodzi yomwe imene inatsala. Tikudziwa kuti zinalipo chifukwa kalata imene Bassett analembera Thomas Cromwell, nduna yaikulu ya mfumuyo, inasungidwa. Pepala limodzi lokha, lolembedwa ndi wowononga yemweyo, ndilo likuchitira umboni anthu onse aja amene anafika pano akukwawa.

Tsono pempho langa kwa anzanga ndi ili. M'nyumba zimene timalowa muli makatoni ngati aja, kaya muli ku Buxton, ku Harrogate, ku Malvern kapena tauni ina iliyonse. Musatenge kanthu n'kupita nako kwanu, ngakhale agogo atakukakamizani chotani. Malamulo a ntchito yathu salola, ndipo mawa mudzatchedwa wakuba. Chimene mungachite n'kutsegula pakamwa. Uzani manijala wanu, ndipo kudzera mwa iye uzani abale, mwini katoni adakali moyo, kuti pansi pa bedi pali zinthu zofunika. Auzeni kuti kuno kuli Derbyshire Record Office ku Matlock, ndipo madera enanso ali ndi maofesi otere osunga zolembedwa zakale, amene amalangiza anthu za mapepala a m'banja. Agogo akamakufotokozerani chithunzi, apempheni kuti dzina la munthuyo ndi malo zilembedwe kumbuyo ndi pensulo yofewa, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera. Selotepi isayandikire, ndipo katoni ichoke pafupi ndi khoma lachinyezi. Abale akalola, jambulani ndi foni yawo mbali zonse ziwiri za khadi, chifukwa anthu ambiri amajambula chithunzi n'kuiwala kumbuyo, kumene kuli munthu.

Chichitikire zimenezi ndinaimbira foni mlongo wanga kumudzi kumufunsa za sutikesi yachitsulo ya malemu agogo athu, mmene munali chitupa chawo cha msonkho ndi mapepala a ku Wenela. Anati chiswe chinadya theka. Theka lotsalalo waliika m'chitini chotseka bwino.

Panopa ndikusamalira bambo ena amene ali ndi sutikesi yabulauni pamwamba pa wadiropu. Akuti muli mapulogalamu a zisudzo za ku Opera House ndi zithunzi za mwambo wokongoletsa zitsime ndi maluwa, umene umachitika kuno chaka ndi chaka. Ndinauza manijala, iye anaimbira mwana wawo wamkazi, ndipo wavomera kubwera Loweruka kuti titsitse sutikesiyo bambo ake ali pompo. Mapensulo ndagula kale awiri.

Ine wowerenga wanu,
Wosamalira okalamba,
Buxton, Derbyshire