Tisamati chuma ndicho chinapha Gatsby

Akonzi,

Ndipatseni mpata m'nyuzipepala yanu ndiyankhulepo za kawerengedwe kathu ka mabuku akale a ku America okamba za chuma, makamaka nthano yaitali ya F. Scott Fitzgerald yotchedwa The Great Gatsby. Bukuli linatuluka mu April 1925, ndipo kuyambira pa 1 January 2021 malamulo a ku America akulola aliyense kulisindikiza, choncho amene ali ndi foni atha kulipeza pa intaneti osalipira. Koma mukafunsa ophunzira, ngakhalenso aphunzitsi ena, kuti mfundo yake yaikulu ndi yotani, yankho limakhala lomwelomwelo: chuma chimaononga khalidwe. Yankholi si labodza kwenikweni, koma ndi laulesi, ndipo limaphimba chimene mlembi anafuna kuti tione.

Njira yachidule yoyesera yankholi ndi kuwerenga mitembo. M'mitu 9 ya bukuli mukufa anthu atatu m'chilimwe cha 1922. Myrtle Wilson, mkazi wa mwini galaja, akugundidwa ndi galimoto m'mutu 7. Jay Gatsby akuomberedwa ali m'dziwe losambira kunyumba kwake m'mutu 8, ndipo George Wilson, mwamuna wa Myrtle, yemwe wamuombera, akudziomberanso pomwepo. Onse atatu si a gulu la obadwira m'chuma. Tsono onani amene akutsala. Daisy Buchanan ndiye ankayendetsa galimoto yachikasu imene inapha Myrtle, ndipo sanaime. Mwamuna wake Tom ndiye anali pachibwenzi ndi Myrtle, ndiye anamuthyola mphuno ndi khofi m'mutu 2, ndiyenso analozera Wilson kwa Gatsby, mwini galimotoyo, akudziwa kuti Wilsonyo ali ndi mfuti m'thumba. Awiriwa akulongedza zikwama n'kuchoka osasiya keyala. Palibe wapolisi akuwagogodera. Ngati chuma chimapha, bwanji olemera kuposa onse ndiwo atuluka opanda ndi chipsera chomwe? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mkhate wa banja la Buchanan ndi chuma cha makolo.

Apa m'pamene owerenga ambiri amaphonya: bukuli silikamba za chuma chamtundu umodzi. Fitzgerald anagawa malo a nkhani patatu, ndipo wowerenga ayenera kujambula kamapu asanapitirire mutu 2. Pa chilumba cha Long Island pali East Egg, kumene kumakhala obadwira m'chuma. Tsidya lina la madzi kuli West Egg, kwa olemera dzulodzuloli. Pakati pa malowa ndi mzinda wa New York pali chigwa cha phulusa, kotayira zinyalala za mzinda, ndipo n'kumene kuli galaja ya Wilson. Aliyense wopita kumzinda, kaya pa sitima kaya pa galimoto, amadutsa m'chigwamo. Amangodutsa. Amene amagona mmenemo ndi ena.

Kenako lembani manambala pambali, chifukwa mlembiyu sanawaike mwangozi. Mfotokozankhani, Nick Carraway, amalipira lendi ya madola 80 pamwezi. Nyumba zikuluzikulu zomuzungulira zimabwerekedwa pa madola 12,000 kapena 15,000 kwa nyengo imodzi yokha. Mkanda wa ngale umene Tom anapatsa Daisy tsiku loti mawa ukwati unali wa madola 350,000. Gawani ndi 80 muone: ndi lendi ya Nick ya miyezi 4,375, zaka zoposa 360. Nthawi yomweyo Wilson akuchonderera Tom kuti amugulitse galimoto imodzi yakale kuti akaigulitsenso n'kupezapo kangachepe. Ophunzira akaika manambalawa patsamba limodzi, safunikanso kuuzidwa tanthauzo la kusiyana kwa magulu a anthu.

Gatsby mwiniwakeyo ndalama ali nazo, mwina zochuluka mokwanira kupikisana ndi Tom. Chimene alibe ndi chilolezo cholowera. Anabadwa James Gatz, mwana wa alimi osauka a ku North Dakota, n'kudzipatsa dzina latsopano ali ndi zaka 17. Waphunzira kavalidwe, kayankhulidwe, wagula nyumba yoyang'anizana ndi ya Daisy, chibwenzi chake chakale chimene akuchifunabe, koma tizinthu ting'onoting'ono timamuulula. M'mutu 3 mlendo wina woledzera akupezeka m'chipinda chake cha mabuku akudabwa kuti mabukuwo ndi enieni, si makatoni. Akuzindikiranso kuti masamba ake sanadulidwe. Mabuku ena a nthawi imeneyo ankabwera masamba atapindana m'mphepete, ndipo kuti uwerenge unkayenera kuwang'amba ndi kampeni. Ndiye kuti palibe buku limene linatsekulidwapo. M'mutu 7 Tom akuseka zoti Gatsby, munthu wovala suti yapinki, angakhale kuti anaphunzira ku yunivesite ya Oxford.

Chochitika chimene ndimachiyesa chofunika koposa, ngakhale ambiri amachidumpha, chili m'mutu 6. Tom akufika kwa Gatsby pa kavalo pamodzi ndi mwamuna wina dzina lake Sloane ndi mayi wina. Atamwa pang'ono, mayiyo akuitanira Gatsby ku chakudya chamadzulo. Ndi kuitana kwa pakamwa chabe, kumene munthu wa gulu lawo akanadziwa kuti ayenera kukana mwaulemu. Gatsby akuvomera ndi mtima wonse, n'kulowa m'nyumba kukatenga chipewa ndi jekete. Pamene akutuluka, anthu aja apita kale. Palibe wamutukwana, palibe wamuthamangitsa. Umu ndimo mpanda wa anthu apamwamba umagwirira ntchito m'mabuku amenewa: suoneka, umangouzindikira utagunda mphumi.

Ndisamveke ngati ndikuyeretsa Gatsby. Cholakwika chachiwiri chimene owerenga amachita, makamaka amene anayamba ndi kuonera filimu, ndi kumusandutsa mngelo wa chikondi. Chuma chake n'chakuda. Kuyambira January 1920 mpaka 1933 lamulo la dziko lonse la America linaletsa kufulula ndi kugulitsa mowa, ndipo ozembetsa analemera koopsa. Tom akuulula kuti Gatsby ndi mnzake Meyer Wolfsheim anagula timasitolo ta mankhwala ku New York ndi ku Chicago n'kumagulitsiramo mowa. Wolfsheim ameneyu akunenedwa kuti ndiye anachita chinyengo pa mpikisano waukulu wa baseball wa 1919, chinyengo chimene chinachitikadi, osewera ena a timu ya Chicago White Sox atalandira ziphuphu. Tsatiraninso matelefoni. Pa maphwando amene Gatsby amakonza kunyumba kwake, wantchito amabwera kudzanong'oneza bwana kuti Chicago kapena Philadelphia ili pa foni. M'mutu 9, Gatsby atafa kale, Nick akuyankha foni ina ndipo wa mbali inayo, poganiza kuti akuyankhula ndi Gatsby, akuti mnyamata wawo wagwidwa akupereka mapepala a ngongole achinyengo. Choncho funso si lakuti Gatsby analakwa kapena ayi. Analakwa. Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani mlandu wake walipidwa ndi moyo pamene wa Tom ndi Daisy sunafike n'komwe pabwalo.

Cholakwika chachitatu ndi kukhulupirira mfotokozankhani ngati Baibulo. Kumapeto kwa mutu 3 Nick akudziyamikira kuti ndi mmodzi mwa anthu ochepa oona mtima amene iye akuwadziwa. Munthu yemweyu akuperekeza Tom kwa chibwenzi chake pamene Daisy ndi msuweni wake. Akukonza tiyi kunyumba kwake m'mutu 5 kuti mkazi wa mwini akumane ndi Gatsby. Akudziwa amene ankayendetsa galimoto ija koma sakuuza aliyense. Pomaliza akukumana ndi Tom mumsewu ku New York, akuzengereza pang'ono, kenako n'kumupatsa dzanja. Nick si wolemera, koma ndi mwana wa banja lodziwika, anaphunzira ku yunivesite ya Yale limodzi ndi Tom. Kuvunda kwa khalidwe kumene bukuli likuonetsa kuli kwambiri mwa oonerera oterewa kusiyana ndi mwa ovina m'maphwando.

Amene akukayika kuti mwina ndi buku limodzi lokha, atenge The House of Mirth la Edith Wharton, la mu 1905. Wharton ankalemba za anthu a kwawo, poti iye anabadwira m'banja lakale lolemera la ku New York. Dzina la bukulo linachokera pa Mlaliki 7:4, pamene akunena za mtima wa zitsiru kuti uli m'nyumba ya chisangalalo. Mpangankhani wamkulu, Lily Bart, ali ndi zaka 29, ndi wokongola, wa dzina labwino, koma bambo ake anafa atagwa pa chuma. Kuti akhalebe pakati pa anzake ayenera kuvala monga iwo ndi kutchova nawo juga ya makhadi. Gus Trenor, mwamuna wa mnzake, akuti amugwirira ntchito tindalama take pa msika wa masheya, ndipo akumupatsa ndalama zokwana madola 9,000. Pambuyo pake zikudziwika kuti zinali za m'thumba mwa Trenor, ndipo akufuna malipiro amene mukuwadziwa. Lily akukana. Bertha Dorset, mkazi wolemera amene akuyendadi njira zam'mbali, akumunamizira Lily pagulu kuti abise zake, ndipo anthu akukhulupirira Bertha chifukwa ndiye ali ndi nyumba yaikulu yoitanirako alendo. Azakhali ake a Lily akumusiyira madola 10,000 okha. Akukagwira ntchito yosoka zipewa, ikumukanika, akumuchotsa.

Taonani masamuwo: 10,000 kuchotsa 9,000. Ndipo nthawi yonseyi Lily ali ndi makalata achikondi olembedwa ndi Bertha, amene akanamubwezera pamalo ake tsiku limodzi akanangowagwiritsa ntchito poopseza. Akuwaponya pamoto. Cheke cha cholowa chitafika akulemba china chobwezera Trenor, akumwa mankhwala ogonetsa opitirira muyeso, ndipo sakudzukanso. Pamene akutsika pa chuma m'pamene khalidwe lake likukwera, koma sizikumupulumutsa. Ndiye wophunzira amene walemba kuti Lily anafa chifukwa chokonda zinthu zapamwamba wawerenga theka loyamba lokha.

Kuti muone mmene maganizo a alembi anasinthira, bwererani zaka 20 m'mbuyo. Mu The Rise of Silas Lapham la William Dean Howells, la mu 1885, mlimi wa ku Vermont akulemera ndi malonda a penti, akumanga nyumba ku Boston kuti alowe m'gulu la apamwamba, nyumbayo ikupsa inshuwalansi itatha, kenako akukana kugulitsa katundu amene akudziwa kuti alibe phindu ngakhale kuti kutero kukanamupulumutsa. Akugwa pa chuma, koma akubwerera kumudzi ali moyo, ulemu wake uli m'manja. Howells ankakhulupirirabe kuti wochita chilungamo ali ndi kobwerera. Kwa Wharton kobwererako kulibe. Pofika 1925, chaka chomwecho cha Gatsby, Theodore Dreiser mu An American Tragedy akutifikitsa pa mpando wamagetsi wophera anthu. Clyde Griffiths, mwana wa alaliki a m'misewu, akugwira ntchito mufakitale ya makolala a malaya ya mbale wa bambo ake, akupereka mimba kwa mnzake wa pantchito Roberta Alden, kwinaku maso ali pa Sondra Finchley wa banja lolemera. Akutengera Roberta kunyanja, bwato likugubuduzika, iye osamupulumutsa. Nkhaniyi inatengedwa pa mlandu weniweni wa Chester Gillette ndi Grace Brown wa mu 1906. Kanthu koti muonetsetse ndi aka: pa mlandu wonse, makalata a Roberta akuwerengedwa poyera anthu akumvetsera, pamene dzina la Sondra likubisidwa, akungotchedwa Miss X.

Mark Twain ndi Charles Dudley Warner anapatsa nyengo ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 dzina kudzera m'buku lawo la mu 1873, The Gilded Age, kutanthauza chinthu chongopakidwa golide pamwamba. Ife tikanati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mwambiwu usatinyenge, chifukwa umangotichenjeza kuti tisadye mkuyuwo. Mabukuwa akufunsa zina: mtengowo ndi wa yani, ndipo amene wagwa pokwera amutola ndani.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi otsogolera magulu owerenga ndi lakuti asinthe funso. M'malo mofunsa kuti nkhaniyi ikutiphunzitsa chiyani za chuma, auze ophunzira agawe tsamba panayi pa mpangankhani aliyense: ndalama zake zinachokera kuti, analakwa chiyani, analipira chiyani, ndipo anamulipirira ndani. Gawo lachinayilo ndilo limavuta, ndipo likasiyidwa mayankho amabwerera ku ulaliki uja. Aumirirenso kuti mutu 9 wa Gatsby uwerengedwe mokweza m'kalasi, chifukwa kwa ife amene timadziwa kulemera kwa maliro, mutuwu umamveka popanda womasulira. Munthu amene ankadyetsa mazanamazana a alendo Loweruka lililonse akuperekezedwa kumanda ndi magalimoto atatu, mvula ikugwa: yonyamula bokosi, ya Nick ndi bambo a malemu ndi m'busa, ndi ina ya antchito anayi kapena asanu pamodzi ndi wopereka makalata. Wolfsheim akukana kubwera poopa kukhudzidwa. Mlendo wina amene anakhala m'nyumbamo nthawi yaitali akudya zaulere akuimba foni, osati kupepesa, koma kufunsa ngati angamutumizire nsapato zake zosewerera tenesi. Kumanda kukufika mmodzi yekha wa ku maphwando aja, bambo woledzera wa m'chipinda cha mabuku uja. Daisy sanatumize uthenga, ngakhale duwa limodzi.

Wowerenga wanu,
Zomba