Chilengezo kwa mamembala: ntchito zotsatsa pa nthawi ya kampeni

Mamembala nonse a gulu lathu la otsatsa malonda pa intaneti,

Kampeni ikayandikira, ofuna ukhansala ndi uphungu amabwera kudzapempha kuti tiwayendetsere masamba awo. Aliyense ali ndi ufulu wolandira kapena kukana ntchitoyi, koma komiti ikupempha kuti tisamale izi.

Musaike zotsatsa za wandale pa akaunti yomwe mumatsatsirapo malonda a makasitomala ena. M'mayiko ambiri Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, imafuna kuti woika zotsatsa zandale ayambe watumiza chiphaso chake, ndipo chotsatsacho chisonyeze amene walipira. Mukalumpha zimenezi chimakanidwa, ndipo mukabwerezabwereza akaunti yonse ikhoza kutsekedwa, ntchito za makasitomala osalakwa n'kuima. Dziwaninso kuti zotsatsa zandale zimasungidwa mu Ad Library, nkhokwe ya Meta yomwe aliyense angaonemo zotsatsa, kwa zaka 7, choncho mawu onyoza omwe mwalemba lero adzawerengedwabe chisankho chitapita kalekale.

Vuto lina, lomwe likutidetsa nkhawa kwambiri, limayambira kunyumba. Foni ya ntchito ikakhala m'manja mwa mwana kapena alamu, ndemanga yachipani imatha kutuluka m'dzina la tsamba la kasitomala, chifukwa Facebook imakhalabe pa dzina lomwe munaisiyira. Musanaike foni pansi bwererani pa dzina lanu, ndipo muitseke ndi nambala yachinsinsi.

Kuti madzulo akhale a banja, konzani zolemba za sabata yonse tsiku limodzi mu Meta Business Suite, pulogalamu yoyendetsera masamba a Facebook, ndipo pa WhatsApp Business ikani uthenga wodziyankha wokha wonena maola anu a ntchito.

Kwa wandale, landirani theka la malipiro musanayambe, pangano likhale lolembedwa.

Komiti